Magetsi owonjezera pagalimoto: gulani oyenerana ndi msewu wanu, osati manambala a pakatoni

Geni ya zakumunda ndi yolawirira. Wopikula tomato ku Ntcheu, mbatatesi ku Dedza kapena nsomba ku Mangochi amanyamuka anthu ali mtulo kuti kukamacha akhale atafika kale ku Wakawaka ku Lilongwe kapena mumsika wa Limbe. Akachedwa amapeza anzake atagulitsa ndipo mtengo utatsika. Komatu katundu wamtengo wabwino sapezeka m'mbali mwa M1. Amapezeka mkati, komwe phula linathera, kumisewu yafumbi yokhala ndi maenje, milatho yamitengo, ngolo zopanda chounikira, mbuzi zogona pakati pa njira ndi anthu apanjinga omwe amangotulukira mumdima.

N'chifukwa chake masiku ano ma Probox, ma Sienta, ma Bongo ndi ma pickup ambiri akutchena magetsi owonjezera kutsogolo. M'mashopu a zipangizo zamagalimoto magetsiwa ali mbwee: ozungulira, amakona anayi, ndi aatali aja otchedwa LED bar. Pamakatoni pake palembedwa manambala akuluakulu, ndipo wogula amangoloza lomwe lili ndi nambala yoposa onse.

Apa ndi pomwe mpamba umathera. Getsi losayenerana ndi msewu wanu silikuthandizani kuona dzenje lomwe liphwanye tayala. Lolumikizidwa mwachidule limatha kuwotcha mawaya, ngakhale galimoto yonse. Loloza molakwika limathobwa m'maso dalaivala wobwera kutsogolo, yemwe akasokonezeka adzawomba inu nomwe. Musanatulutse ndalama, nazi zoyenera kuzidziwa.

Yambani ndi magetsi omwe muli nawo kale

Ambiri omwe amadandaula kuti galimoto yawo siona usiku safunikira magetsi atsopano. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan ali ndi magalasi apulasitiki kutsogolo kwa magetsi, ndipo dzuwa lathuli limawasandutsa achikasu ndi ambuu. Galasi lotero limatsekereza kuwala kochuluka. Kulikwecha ndi kulipukuta bwino kumabweza kuwalako pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula LED bar.

Chachiwiri ndi mababu. Babu la halogen likamakalamba limachepa mphamvu lisanapse. Mawaya achita dzimbiri, makamaka waya wa earth, nawonso amachepetsa moto wofika ku babu. Wokonza zamagetsi a galimoto akhoza kuyeza zimenezi m'mphindi zochepa.

Chachitatu, chomwe amalonda ambiri sachiganizira, ndi katundu. Mukadzaza matumba kumbuyo, galimoto imakhala pansi chakumbuyo ndipo mphuno imadzuka. Magetsi amayamba kuunika nthambi zamitengo m'malo mwa msewu. Magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala kuyambira 0 kupita m'mwamba. Ntchito yake ndi kutsitsa magetsi galimoto ikalemedwa. Mukapanda katundu siyani pa 0, mukanyamula onjezerani nambala mpaka kuwala kubwerere pamsewu.

Chenjeraninso ndi kulowetsa mababu a LED m'nyumba ya getsi yomwe inapangidwira halogen. Kalilole wamkati anapangidwa motsatira pomwe pali kawaya koyaka ka babu lakale. Mukasintha, kuwala kumamwazika: mumaona ngati kwawala kwambiri pafupi, koma patali simuona, ndipo anzanu mukuwathobwa ngakhale muli pa dimu.

Spot, flood ndi combo: kusiyana kwake

Ngati zonsezi zili bwino koma msewu wanu ukufunabe kuwala kwina, funso loyamba si lakuti getsi ndi lamphamvu bwanji. Funso ndi lakuti kuwala kwake kumapita kuti.

Lolembedwa spot limaponya kuwala kopapatiza kutali, ngati tochi ya mlenje. Limathandiza pamsewu wowongoka komanso wopanda anthu, pomwe galimoto ikuthamanga. Pamsewu wokhotakhota wa m'mapiri, monga njira zolowera ku Tsangano kapena ku Neno, limaunika phiri la kutsidya pomwe pakona penipeni pali bii.

Lolembedwa flood limamwaza kuwala m'lifupi, pafupi ndi galimoto. Limaonetsa m'mbali mwa msewu, ngalande, zitsa ndi ziweto zomwe zikufuna kudumpha. Silifika patali.

Lolembedwa combo limaphatikiza ziwirizi: pakati spot, m'mbali flood. LED bar zambiri ndi zamtundu umenewu.

Palinso magetsi a chifunga, omwe amamangidwa m'munsi mwa bampala. Kuwala kwake n'kotambalala koma kodulidwa pamwamba kuti kuyende pansi osabwerera m'maso mwanu. Amene amadutsa ku Chikangawa, ku Dedza kapena ku Thyolo ndi Mulanje nyengo ya chiperoni amadziwa kuti mu chifunga, ukayatsa fulu umangoona khoma loyera. Kumeneko LED bar yamphamvu imaonjezera vuto.

Kuti musankhe bwino, werengerani liwiro lanu. Galimoto yoyenda makilomita 40 pa ola imadya mamita pafupifupi 11 pa sekondi iliyonse. Pa makilomita 80 imadya mamita 22. Pamsewu wafumbi mutanyamula mabasiketi a tomato kapena mathileyi a mazira, simungapitirire 40 kapena 50 popanda kuwononga katundu. Paliwiro limenelo, kuona mamita 500 kutsogolo kulibe phindu. Chomwe chingakupulumutseni ndi kuona bwino mamita 50 mpaka 100, ndi m'mbali monse. Choncho kwa wamalonda wopikula kumidzi, magetsi awiri aang'ono otambalala, kapena bar yaifupi ya combo, amagwira ntchito kuposa chimphona cha spot chodzadza denga lonse.

Manambala a pakatoni

Nambala yomwe imalembedwa mokulitsa ndi ya ma watt. Komatu watt si muyeso wa kuwala. Ndi muyeso wa moto womwe getsi likudya. Ndipo pa magetsi ambiri opanda dzina lodziwika, nambalayo imapezeka pongowerenga timababu tonse ndi kuchulukitsa ndi mphamvu yomwe kababu kamodzi kangapirire, osati yomwe getsilo likugwiritsadi ntchito.

Pali njira yosavuta yodziwira zoona. Pemphani wogulitsa kapena wokonza zamagetsi alumikize getsilo ku batire ndi kuyeza ma amp ndi mita. Chulukitsani ma amp ndi ma volt, yankho lake ndiwo ma watt enieni. Mwachitsanzo, ngati katoni ikuti 300W koma mita ikuonetsa ma amp 5 pa batire la ma volt 12, getsilo ndi la ma watt 60 basi. Sikuti ndi loipa, koma musalipire mtengo wa 300. Likanakhaladi la 300W, likanakoka ma amp 25. Yerekezani ndi mababu awiri a halogen a 55W omwe galimoto imabwera nawo: onse pamodzi amakoka ma amp pafupifupi 9.

Nambala yachiwiri ndi ya ma lumen. Iyi ndiyo imanena kuchuluka kwa kuwala, koma sinena komwe kuwalako kukupita. Kuwala kochuluka komwazikira kumwamba n'chimodzimodzi madzi othiridwa pathanthwe. Makampani odziwika monga Hella, Osram kapena Lightforce amalemba mtunda womwe kuwala kumafika pa muyeso wa lux imodzi, ndipo amajambula chithunzi cha momwe kumatambalalira. Katoni yokhala ndi zimenezi ndi yodalirika kuposa yongolemba ma watt. Dziwaninso kuti kuwala kumachepa msanga ndi mtunda: kuti muone kutali kawiri, pamafunika mphamvu kanayi. Wogulitsa akakuuzani kuti kagetsi kokwana m'manja kamaunika kilomita yathunthu, funsani kuti akuonetseni usiku.

Dzina la Cree kapena Osram losindikizidwa pakatoni silitsimikizira kuti zamkati ndi za kampaniyo. Yang'anani pa galasi lenilenilo ngati pali chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti getsilo linavomerezedwa motsatira miyezo ya bungwe la United Nations yomwe mayiko a ku Ulaya ndi ena amagwiritsa ntchito. Nachonso akathyali amachikopera, koma kusowa kwake kukuuzani kale kanthu.

Mtundu wa kuwala umalembedwa ndi chilembo K. La 6000K kapena 6500K ndi loyera mopita ku buluu. Limaoneka laukali m'shopu, koma mu fumbi ndi mvula limanyezimira ndipo limatopetsa maso paulendo wautali. La 4300K mpaka 5000K ndi loyera mofatsa. La 3000K ndi lachikasu, ndipo madalaivala ambiri amalikonda mu fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala. Ngati mumayenda kumbuyo kwa malole pamsewu wafumbi, pewani labuluu.

Fumbi, madzi ndi kutentha

Getsi lomangidwa kunja limakumana ndi fumbi chilimwe chonse ndi matope dzinja lonse. Yang'anani zilembo IP ndi manambala awiri otsatira. Nambala yoyamba ikakhala 6, ndiye kuti fumbi sililowa. Yachiwiri ndi ya madzi: IP67 imatanthauza kuti getsi lingamizidwe m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi, pomwe IP68 imaposa pamenepo. IP65 imapirira madzi owazidwa koma osati kumira. Wowoloka mitsinje yopanda milatho asatsike pa IP67.

Koma poti aliyense akhoza kusindikiza manambala, gwiritsani ntchito manja ndi maso. Nyamulani getsilo. LED imatentha kumbuyo, ndipo kutenthako kukapanda kutuluka, kuwala kumachepa ndipo timababu timafa kamodzikamodzi. Getsi labwino limakhala ndi thupi la aluminiyamu lokhala ndi zipsepse zakuya kumbuyo, ndipo limalemerako. Lopepuka ngati chitini chopanda kanthu silikhalitsa. Onani pomwe waya akulowera ngati pali labala yothina, ndiponso ngati zomangira galasi zili zolimba mofanana. Mukaona nthunzi mkati mwa galasi getsi likadali m'shopu, lisiyeni.

Zitsulo zomangira nazo n'zofunika. Pamsewu wamabampu, kachitsulo kopyapyala kamanjenjemera, kuwala kumavina, ndipo pakapita miyezi kamathyoka. Kuwotcherera zomangira zolimba kwa amisiri a kwanuko nthawi zambiri kumaposa zomwe zimabwera m'katoni. Ikaniponso manati ovuta kumasula, chifukwa getsi la mabawuti awiri limachoka msanga galimoto ikagona pamsika.

Mawaya ndi pomwe pagona ngozi

Walira mvula walira matope. Mukagula magetsi, konzekeraninso kulipira kulumikiza koyenera. Njira yachidule yomwe ena amachita, yosenda waya wa magetsi akutsogolo n'kupotokolerapo waya watsopano ndi kukulunga tepi, ndiyo imawotcha magalimoto. Mawaya ndi switchi ya galimoto zinapangidwira mababu ake okha. Mukazisenzetsa katundu wina zimatentha mpaka kusungunuka.

Kulumikiza koyenera kumafuna zinthu zinayi. Choyamba, waya wokhuthala wochokera ku batire mwachindunji. Chachiwiri, fyuzi yoikidwa pafupi kwambiri ndi batire, kuti waya akakhudza chitsulo fyuzi ipse m'malo mwa galimoto. Fyuziyo ikhale yoposa pang'ono moto womwe getsi likukoka: getsi la ma amp 10 limayenera fyuzi ya 15, ndipo wayayo akhale wotha kunyamula kuposa fyuzi. Fyuzi ikamapsapsa, pali vuto lofunika kulifufuza. Kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la mupaketi ya fodya ndi kuitana moto. Chachitatu, relay, kabokosi kakang'ono ka ma amp 30 kapena 40 komwe kamanyamula moto waukulu kuti switchi ya m'kati igwire ntchito yopepuka. Chachinayi, switchi yakeyake yomwe mungaifikire osachotsa maso pamsewu.

Uzani wokonzayo kuti relay itenge lamulo kuchokera ku fulu. Akatero, magetsi owonjezera amayaka pokhapokha muli pa fulu komanso switchi yake ili yoyatsa, ndipo mukangobwerera pa dimu onse amazima nthawi imodzi. Ma Toyota ambiri amayatsa fulu kudzera ku waya wa negative, choncho wokonza wosazolowera akhoza kulumikiza mozondoka, magetsi n'kumayaka pa dimu. Yesani musanachoke pagalaja.

Eni malole aang'ono adziwe kuti ambiri a dizilo, monga ma Canter, amayendera ma volt 24. LED zambiri zimalandira 12 ndi 24 yomwe, koma relay ndi switchi zokhala ndi kagetsi mkati ziyenera kugwirizana ndi galimotoyo. A kabaza ya njinga yamoto asamale kwambiri: makina opangira moto panjinga ndi aang'ono, ndipo getsi lalikulu limakhetsa batire mpaka njinga kukana kulira m'mawa. Ndipo pagalimoto iliyonse, kuyatsa magetsiwa injini itazima pokweza katundu kumunda kukhoza kukugonekani komweko.

Pomangira ndi poloza

Padenga pamaoneka bwino, koma kuwala kochokera pamwamba kumagunda boneti ndi fumbi lomwe lili patsogolo pa galasi, n'kubwerera m'maso mwanu. Kumafafanizanso mithunzi yomwe imakuthandizani kuzindikira kuya kwa dzenje. Kwa wamalonda yemwe amamanga katundu pakeriyala, mawaya a padenga amakolanso zingwe. Malo abwino ndi pa bampala, molingana kapena m'munsi pang'ono mwa magetsi a galimoto, ndipo asatseke mphepo yopita ku radiator, makamaka ngati mumakwera zitunda ngati Chiweta mutalemedwa.

Polozetsa, imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma usiku, itanyamula katundu wofanana ndi wamasiku onse. Pakati pa kuwala pasakwere kuposa msinkhu wa getsilo kuchokera pansi. Otambalala apendekereni pansi pang'ono ndi kunja pang'ono.

Lamulo ndi anzanu apamsewu

Magetsi ambiri amtunduwu amalembedwa pakatoni kuti ndi ogwiritsa ntchito kunja kwa misewu ya anthu onse. Alibe malire odula kuwala pamwamba monga dimu, choncho aliyense wobwera kutsogolo amathobwedwa. Munthu wothobwedwa m'maso amatenga masekondi angapo asanayambenso kuona bwino, ndipo pa makilomita 80 pa ola masekondi atatu okha ndi mamita oposa 60 oyenda mwakhungu. M'mamita amenewo mukhoza kukhala wapanjinga, mwana kapena galimoto yanu yomwe.

Choncho lamulo la chikumbumtima ndi losavuta: mukaona kuwala kwa galimoto, njinga kapena tochi kutsogolo, zimitsani. Mukamatsatira galimoto ina, zimitsani. M'tauni ndi pa malo ochitira malonda, asayake n'komwe.

Za magetsi ololedwa pagalimoto zimayendetsedwa ndi malamulo apamsewu, ndipo galimoto imayesedwa magetsi ikamakatenga COF. Safunsa anadya phula: musanagule, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse za chiwerengero cha magetsi, malo omangira ndi mtundu wa kuwala womwe akuvomereza. Amene amadutsa malire kupita ku Chipata, Tete kapena Johannesburg afunsenso za malamulo a mayikowo, chifukwa dziko lililonse lili ndi ake. Ndi bwino kudziwa musanaboole bampala kusiyana ndi kumasula magetsi pa roadblock tomato akupsa ndi dzuwa.

Kuwerengera mtengo wonse

Magetsiwa amachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsatira dola. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zamagalimoto sikhazikika, ndipo mashopu oyandikana amatha kusiyana kwambiri pa katundu yemweyo. Funsani m'mashopu atatu, ndipo poyerekeza musayang'ane getsi lokha. Phatikizani mawaya, relay, fyuzi, switchi, zomangira ndi malipiro a wokonza. Getsi lotchipa lobwera lopanda mawaya likhoza kudula kuposa lokwererapo lomwe lili ndi zonse m'katoni.

Kenako dzifunseni kuti pamwezi mumayenda maulendo angati usiku pamsewu wafumbi. Ngati ndi kamodzi kapena kawiri, kupukuta magalasi ndi kusintha mababu n'kokwanira, ndalama yotsalayo ipite ku mpamba. Ngati ndi sabata iliyonse, yerekezani mtengo wonse ndi wa tayala limodzi, shock imodzi kapena katundu wa ulendo umodzi wowonongeka. Pamenepo muona nokha ngati zikubweza.

Tengani risiti yolembedwa dzina la katundu ndi tsiku, ndipo gwirizanani masiku obwezera likapezeka ndi vuto. Popanda risiti, ngakhale mutakadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC, umboni udzakusowani.

Kwa inu ogulitsa magetsiwa, khalani ndi batire ndi mita pakauntala. Muuzeni kasitomala ma watt enieni, mufunseni msewu womwe amayenda, ndipo mugulitseni getsi pamodzi ndi relay ndi fyuzi yake. Madalaivala amauzana pa siteji, ndipo shopu yomwe getsi lake latha dzinja lonse osalowa madzi siisowa makasitomala.

Pomaliza, kumbukirani kuti magetsi saonjezera mabuleki. Galimoto yolemedwa pamsewu wamiyala imatenga mtunda womwewo kuti iime, kaya kutsogolo kwawala ngati masana. Magetsi abwino akupatseni nthawi yoona dzenje ndi kuchepetsa liwiro, osati chilolezo chothamanga. Tomato wofika mochedwa ndi theka la ola amagulitsidwabe.